Zikwangwani Ziwiri za Wendell

Corinne anakumana ndi Wendell pa siteji ya basi m'mawa wina wa Febuluwale, chipale chofewa chikugwa mosalekeza. Basi inachedwa, ndipo azibambo awiri amene ankadikira nawo anali atayambana kale za pulezidenti. Wina amati munthuyo ndi mpulumutsi, mnzake amati ndi mliri. Ku Wisconsin, ku America, masiku amenewo zinali choncho: kungodandaula kuti mazira akwera mtengo, wayatsa moto.

Mnyamata wamtali wovala jekete la okonza magetsi anamuyang'ana n'kumwetulira.

"Achemwali, inunso muli ndi mbali, kapena mukungomva kuzizira ngati ine?"

Corinne anaseka, kuseka koyamba sabata imeneyo. Mbali anali nayo, ndipo inamudyera zambiri. Mayi ake omubereka anasiya kumuyankha foni chisankho chitangotha, ati mwana wovotera adani a dziko si wawo. Kuntchito kwake, kunyumba yosamalira okalamba, wailesi ya kanema inkakhalira kukuwa, agogo n'kumalozana ndi ndodo. Mtsikanayu anali atatopa, kutopa kofika m'mafupa. Ankangofuna munthu mmodzi, mmodzi yekha, woti azicheza naye osayamba wayeza mawu.

Wendell pakamwa anali ndi uchi. Pasanathe mwezi, foni ya Corinne inali isakupuma.

"Kadzuwa kanga, wadya? Dziko lipse, ine ndi iwe tili pamthunzi."

"Kadzuwa kanga, ndili pamwamba pa mtengo wa magetsi, koma chikundinjenjemeretsa ndi iwe."

Tsiku loyamba kupita kwa Wendell, Corinne anayenda mtima uli m'mwamba. Nyumba za kumeneko zimayankhula mlendo asanagogode, poti aliyense amazika chikwangwani cha chipani chake pa kapinga. Msewu wonse unali wofiira, wabuluu, wofiira, anthu oyandikana osapatsana ngakhale moni. Atafika pa nambala 14 anapeza chabuluu, cha chipani chake cha Corinne, chili nji! Mtima unakhala pansi.

"Chomwe waona panjapo ndi chomwe chili mumtimamu," anatero Wendell atamugwira manja. "Kwa ine sudzayeza mawu. Ndikulonjeza."

Anangomupempha zinthu ziwiri: azitumiza uthenga asanabwere, kuti m'nyumba muzikonzedwa, ndiponso Lamlungu azimusiyira bambo ake, a Pruitt, omwe ankakhala okha chimwalirireni mkazi wawo ndipo ankabwera kudzacheza naye tsikulo. Anzake kuntchito ankamuseka kuti mwamuna wofuna kuchenjezedwa ndiye kuti ali ndi wina. Corinne sankawamvera. Wina wa chiyani, pamene mu Okutobala mphete inali itawala kale pachala?

Linafika Tsiku la Mathokozo, lomwe mabanja amadyera pamodzi nkhukundembo. Corinne anayenera kugwira ntchito, ndipo Wendell anati palibe kanthu, adya ndi bambo ake. Koma m'mawa mwake mnzake wina anavomera kumugwirira. Anaphika payi, chitumbuwa cha maungu, n'kuliza galimoto osatumiza uthenga. Ankafuna akamudzidzimutse, akaonenso apongozi ake koyamba.

Nyumba ija anaipitirira. Anabwerera m'mbuyo, n'kuwerenga nambala kawiri. Inali 14 yomweyo, koma pa kapinga panali chikwangwani chofiira, dzina la pulezidenti lili m'malemba akuluakulu.

Wendell atatsegula chitseko anangoti kukamwa yasa. Kumbuyo kwake kunatulukira bambo wa imvi, manja ali tambasu.

"Ndiwe Corinne? Lowa, mwanawe, lowa! Uyu wandiuza zonse, kuti ndiwe wathu, umavota ndi mutu. Masiku ano atsikana otere akusowa."

Corinne anawapatsa moni mwaulemu. Patebulo panali mipando iwiri yokha, ndiye Corinne anati akatenga wachitatu m'galaja. Wendell anayesa kumutsekereza, koma anachedwa. Kuseri kwa makina otchetchera udzu, chikwangwani chabuluu chinali chitatsamira khoma, matope a kumiyendo kwake asanaume n'komwe.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Misozi sinabwere. Chinabwera ndi kutopa kuja, komwe ankayesa kuti anakusiya pa siteji ya basi.

"Chako ndi chiti, Wendell?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi.

"Ndakufunsa. Chofiira kapena ichi?"

"Palibe changa. Sindinavote, Corinne. Kawiri konse sindinapiteko."

Kenako zonse zinatuluka. Anati bambo ake anathamangitsa mchemwali wake patebulo la Mathokozo zaka zinayi zapitazo, chifukwa cha nkhani zomwezi, ndipo mpaka lero sayankhulana. Anati tsiku lomwe Corinne anamuuza za mayi ake, iye anapita kukapempha chikwangwani chabuluu. Loweruka ankazika ichi, Lamlungu icho, m'maenje omwewo, aneba akumuonera pawindo.

"Onsewo andikwana, kadzuwa kanga. Amalonjeza, amatukwanana, ife n'kumadana. Ine ndimangofuna kuti nonse awiri muzilowa m'nyumba mwanga. Kodi ndi tchimo limenelo?"

"Usanditchule dzina limenelo," anatero Corinne motsitsa mawu. "Ndikudziwa bwanji kuti nalonso lilibe linzake kuseri kwa makina?"

"Ndikanakuuza kuti ndilibe mbali, ukanalowa pakhomo pano?"

Funso limenelo linamulasa. Akanalowa? Iye amene tsiku loyamba lija anayang'ana kapinga asanayang'ane nkhope? Sanadziwe, ndipo kusadziwako kunamupweteka kuposa bodzalo. Komabe miyezi isanu ndi inayi anakhuthula mtima wake wonse kwa munthu amene ankangogwedeza mutu, Lamlungu n'kukagwedezanso kwa ena. Amene ankayeza mawu tsiku ndi tsiku anali Wendell, ndipo ankayezera iyeyo.

Pakhomo la galaja panamveka kutsokomola. A Pruitt anali atamva zonse. Sanakalipe. Anayang'ana mwana wawo, kenako chikwangwani chabuluu, n'kuvala chipewa.

"Ndiye kuti Lamlungu lililonse umandinamiza ndili pampando umene anakusiyira mayi ako," anatero.

Anatuluka, anazula chikwangwani chawo chofiira, anachiponya kumbuyo kwa galimoto, ulendo. Nkhukundembo inatsala patebulo yosadulidwa.

Corinne anavula mphete pang'onopang'ono n'kuiika pambali pa payi ija. Wendell analira, anapepesa, analumbira kuti chikondi chokha ndiye sichinali chobwereka. Mwina ankanena zoona. Koma kodi munthu ungakwatiwe ndi mwina?

Potuluka anaima pa kapinga. Panali timaenje tiwiri tokha, tokulitsidwa ndi kuzika ndi kuzula. Msewu wonse unali monga kale, wofiira, wabuluu, wofiira, nyumba iliyonse ikununkhira nyama, makatani ali otseka.

Asanafike pamphambano, foni inalira.

"Kadzuwa kanga, wapaona panja paja? Palibe chilichonse tsopano. Ameneyo ndiye ine. Ubwera?"

Corinne anaimitsa galimoto. Anauwerenga uthengawo katatu, ndipo apa misozi inabwera. Munthu wa panja popanda kanthuyo akanamukonda, akanangokumana naye poyamba. Anapukuta maso n'kulemba:

"Ndakuona, Wendell. Koma ndatopa."

Anazimitsa foni, n'kulunjika kuntchito kukauza mnzake uja kuti apite akadye ndi banja lake.