Khomo la Kuseri

Mtima wa Chitsiriza unali m'mwamba sabata yonse. Patebulo panali fomu yochokera kuntchito kwa bambo ake, yofunsa ngati akufuna kupitiriza kugwirira ntchito kunyumba kapena kubwerera ku ofesi. Tsono ofesiyo inali itasamukira kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Akasankha ofesi, ndiye kuti Chitsiriza aziwaona kamodzi pamwezi.

"Ine ndibwerera basi," ankatero bambowo. "Mwamuna akamangokhala pakhomo, anthu amati anamuchotsa ntchito."

Manyaziwa anali atawaphunzitsa kamchitidwe koseketsa. M'mawa uliwonse ankavala jekete ndi tayi, n'kutulukira khomo la kumaso chikwama chili m'manja, moni akupereka mokweza kwa aliyense. Akafika pamphambano ankakhotera kanjira ka kuseri, n'kulowa monyang'ama ngati wakuba, chonsecho nyumba ndi yawo. Chitsiriza ndiye ankasiya khomo la kuserilo losakhoma akamapita kusukulu.

Lachinayi, maganizo ali pa fomu ija, anakhoma khomolo n'kuponya kiyi m'chikwama cha mabuku. Anakumbukira atafika kale pageti la sukulu. Bambo anali ndi msonkhano wa pakompyuta ndi abwana awo 8 koloko! Anabwerera liwiro la mtondo wadooka.

Anawapeza kuseri ali thukuta kamukamu, akuyesa kukankha zenera. Kiyi wa kumaso anali naye m'thumba, koma akanalowera bwanji uko, a telala a nyumba yoyang'anana nayo ali pakhonde ndi makina awo?

Chitsiriza asanatulutse kiyi, a telalawo anatulukira pakona, tepi ili m'khosi.

"Achimwene, muswa galasi. Kaloweleni kumaso, nthawi yakwana. Abwana anu aja sadikira."

Bambo anatembenuka. "Kani mumadziwa?"

"Msewu wonse umadziwa! Tsiku lililonse timakumvani pazenera: 'Mukundimva? Mukundimva?' Timakumvani ndithu." Anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Ine ndasokera pakhonde panga zaka makumi awiri, ana anga onse aphunzira. Ndiye kuti ndine lova?"

Bambo anayang'ana pansi. Apa m'pamene anaona mwana wawo akupumira m'mwamba, misozi ili mbwembwembwe.

"Pepani ababa, ndinaiwala. Ndimangoganiza zoti mukupita. Sindikufuna muzikhala kutali."

Bambo anamugwira dzanja, nazungulira naye nyumba, n'kulowera kumaso anthu onse akuona.

Msonkhano unali utayamba kale. Chitsiriza anaima pakhomo la chipinda, mantha atamugwira, akumva abwana akudandaula za kuchedwa. Kenaka abwanawo anafunsa za fomu ija.

"Ine ndikhala konkuno, bwana," anatero bambo. "Ndili ndi mwana woti ndimuone akukula."

Tsiku limenelo Chitsiriza anafika kusukulu belu litalira kalekale, ndipo aphunzitsi anamupatsa chibalo chosesa kalasi yonse. Anasesa akuimba.