Lichero Linasiyanitsa Mapasa

Chibayo si chifuwa chilichonse. Anthu amangotchula dzinali mwana akatsokomola kawiri, koma chibayo chenicheni ndi kutupa kwa mapapo, pamene mwana akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati ngati wina akuzikoka ndi chingwe. Ndiponso sichibwera ndi mdani mmodzi. China chimayamba ndi vairasi, amene samva mankhwala opha tizilombo ndipo kawirikawiri amachoka yekha mwana akasamalidwa bwino. China chimayamba ndi bakiteriya, amene akapanda kuphedwa amapha. Kwa diso ndi khutu, ziwirizi n'chimodzimodzi.

M'chaka cha 2061, pachipatala chaching'ono cha Kamphulusa m'mapiri a Dedza, panali makina odziwa kuzisiyanitsa. Anthu anawatcha Lichero, poti ankapeta magazi. Lichero linkatenga kadontho kamodzi kuchidendene cha mwana n'kufufuzamo timapuloteni timene thupi limatulutsa likamamenya nkhondo, pakuti nkhondo ya vairasi ili ndi zizindikiro zake, ya bakiteriya zakenso. Likapeza bakiteriya linkayaka mofiira, kabati ya mankhwala n'kutseguka yokha. Likapeza vairasi linkayaka mobiriwira, ndipo kabati sinkatseguka ngakhale munthu alire mpaka kugubuduka. Mankhwala ambiri akale anali atatha mphamvu chifukwa chomwedwa mwachisawawa, choncho otsalawo ankasungidwa ngati mbewu m'chaka cha njala.

Nasibeko anafika pamenepo m'chisanu cha Juni, mwana wina kumsana, wina pachifuwa. Anali mapasa ake aakazi a zaka ziwiri, Sungeni ndi Lekeleni, ofanana kwambiri moti mayi wawo yemwe ankawazindikira ndi ulusi wofiira umene anamanga pamkono wa Sungeni. Onse ankatsokomola, onse matupi ali moto.

Lichero linayaka mofiira pa Sungeni, mobiriwira pa Lekeleni. Kabati inatulutsa botolo limodzi.

"Ili ndi la Sungeni yekha," anatero namwino, Mayi Kadzakumanja. "Kasupuni m'mawa, kasupuni madzulo, mpaka lithe. Lekeleni akufuna madzi ambiri, phala ndi kufunda."

"Anesi, anawa amagona mphasa imodzi, anayamwa bere limodzi, kutsokomola kwake n'kumodzi. Nthenda ziwiri zalowera pati?"

"Magazi awo akunena zosiyana, mayi."

"Magazi ake omwewo, a ine ndi bambo awo?"

"Omwewo. Koma alendo amene afikamo ndi osiyana. Wotsatira!"

Kunyumba anapeza mlamu wake, Nangozo, akutong'ola chimanga pakhonde. Nangozo anatenga botololo, kulitembenuza, kulinunkhiza.

"Limodzi? Ndiye mwavomera, alamu? Chitini cha kuchipatala chija chikuuzeni kuti mwana uyu ndi wofunika, uyu ayi? Mapasa sasiyanitsidwa. Mukagulira wina diresi mugulirenso mnzake. Mukasiya mmodzi, amanyanyala n'kubwerera kumene anachokera."

"Ati Lekeleni safunika mankhwala."

"Ati! Nanga magazi amatengawo amapita nawo kuti? Munafunsa?"

"Ati amapsera m'makina momwemo."

"Atinso! Kabati yotseka ija, mukuganiza kuti mankhwala amene akumana ana athu amamwa ndani? Ana a m'tauni, alamu. Ife amatiyatsira kanyale kobiriwira ngati tikuwoloka msewu."

Nasibeko sanali munthu wotengeka ndi mphekesera. Koma madzulo, atamwetsa Sungeni, anaona Lekeleni atayasamula kakamwa kake kudikira supuni, monga ankachitira pa chilichonse chiyambire kubadwa. Supuni itabwerera m'kapu, mwanayo sanalire. Anangotembenukira kukhoma, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Mtima wa Nasibeko unapita kutali. Anatsegulanso botolo. Kuyambira pamenepo, supuni iliyonse inagawidwa pakati.

Lekeleni anachira, nayamba kuthamangitsa nkhuku. "Mwaonatu?" anatero Nangozo. Sungeni nayenso anaoneka ngati wapepukidwa, koma botolo litatha thupi linatenthanso kuposa poyamba. Anakana phala, milomo inayamba kuda, ndipo nthiti zinkalowa m'kati mpaka kuonetsa mphako pansi pa chifuwa.

Anabwerera ku Kamphulusa nkhungu itaphimba mapiri onse, Nasibeko atanyamula Sungeni, Nangozo atabereka Lekeleni. Lichero linatenga kadontho ka Sungeni, linayaka mofiira, kenako linalankhula ndi mawu ake osalala aja.

"Zizindikiro za bakiteriya zakwera ngakhale mwana walandira botolo lathunthu. Ndikuganiza kuti bakiteriyayu samva mankhwalawa. Sindiwaperekanso. Ndaitanitsa ena amphamvu ku Lilongwe."

Kabati sinagwedezeke.

"Afika liti?" anafunsa Nasibeko.

Mayi Kadzakumanja anayang'ana pawindo, pamene ngakhale mtengo wa pabwalo sunkaoneka. "Amabwera ndi kandege kopanda woyendetsa, ndipo sikauluka mu nkhungu. Ya kuno mukuidziwa, ikakhala yakhala." Anavala nkhope ina, naika chipangizo cha mpweya pamphuno ya Sungeni. "Mayi, mundiuze bwino. Mwanayu anamwa mankhwala onse?"

Nangozo anatsina mlamu wake m'nthiti.

"Botolo linatha," anatero Nasibeko.

Yankholo linali loona, koma silinali yankho la funso limene linafunsidwa, ndipo namwinoyo anazindikira. Anayang'ana Nasibeko, anayang'ana Nangozo, nayang'ananso makina, ngati sakudziwa woti amukayikire pa atatuwo.

"Musayankhule zambiri, alamu," ananong'ona Nangozo. "Chitinichi chimasunga mawu. Adzakulandani ana."

Sungeni anakoka mpweya, ndipo unamveka ngati ukudutsa m'bango long'aluka. Nasibeko anamugoneka pabedi. Anapita kumbuyo kwa Nangozo, kumasula nsalu, kutsitsa Lekeleni, kumuvula sokosi, n'kuika kachidendene kake pa Lichero ndi manja ake.

"Muyezenso uyu."

Nyale inayaka mobiriwira. "Vairasi watha," linatero Lichero. "M'magazi muli zotsalira za mankhwala amene mwanayu sanapatsidwe pano." Linalumikiza za ana awiriwo. "Sungeni analandira theka. Bakiteriya sanakane mankhwala, mankhwala ndiwo anachepa."

Kabati inatseguka, ikutulutsa mankhwala omwewo, ulendo uno a jakisoni.

Mayi Kadzakumanja anabaya Sungeni jakisoniyo. Kenako anati, "Ine ndinabadwira konkuno, za mapasa ndimazidziwa. Tsiku lija ndinayang'ana nyale, osayang'ana kumsana kwanu."

"Nanga Lekeleni sanachire ndi omwewo?" anafunsa Nangozo.

"Akanachira ndi phala lomwe, mayi."

"Mukutero ndinu."

Sungeni anakhala moyo, koma papo lake lamanzere linatsala ndi chipsera chimene palibe makina angachichotse. Ulusi wofiira uja Nasibeko anaudula, poti unalibenso ntchito. Ana awiriwo akamakwera chitunda chopita kumjigo, mudzi wonse umadziwa kuti amene waima pakati, dzanja pachifuwa, ndiye Sungeni, ndipo amene wabwerera kudzamudikira ndiye Lekeleni. Mayi amene anakana kusiyanitsa ana ake anawasiyanitsa kwamuyaya ndi theka la supuni.

Komiti ya chipatala inakambirana nkhaniyi kwa nthawi yaitali, ena akuimba mlandu mwambo, ena makina. Pomaliza inalamula kuti Lichero lizifunsa ngati mwana ali ndi mnzake wobadwa naye, ndipo ngati alipo, kabati izitulutsa mabotolo awiri ofanana kukula, lachiwirilo la mnzakeyo, la madzi a shuga ndi mchere, lolembedwa poyera chimene lili. Nangozo amanunkhizabe onse awiri.

Lachitatu, pa 14 Sepitembala 2061, makina amene ankadziwa kuwerenga kadontho ka magazi anayamba kufunsa kuti pakhomo pali pakamwa pangati.