Kulowa Awiri, Kutuluka Mmodzi

Anakumana pa kauntala ya sitolo ya mankhwala, kuzizira kutangotha, mitengo itayamba kuphukira. Mnyamatayo analowa nsapato zili matope okhaokha, magalasi oonera patali akulendewera pakhosi, n'kufunsa mafuta odzola othamangitsa udzudzu.

"Achimwene, ndangokolopa kumene," anatero mtsikana wogulitsayo, akuloza pansi.

"Pepani chemwali. Koma ndi gauni loyeralo ndi khosi lalitalilo, mwaima ngati kakowa m'mbali mwa madzi. Ntchito yanga ndi kuonetsa alendo mbalame kunyanja, ndiye ndikaona yokongola sinditha kukhala chete."

Mtsikanayo anafuna kukwiya, koma kuseka kunamupulumuka. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linali Kakowa, ndipo iye ankamutchula mnyamatayo kuti Wambalame.

M'mawa uliwonse foni inkalira. "Wadzuka bwanji Kakowa wanga? Atsekwe akukupatsa moni, koma wakusowa kwambiri ndine." Mtsikana uti amene sakanakomedwa ndi mawu otere?

Kakowa ankakhala kwa achemwali ake. Ankagona pa matiresi pansi, m'chipinda cha ana, sutikesi yake ili pamwamba pa kabati chifukwa panalibenso pena poiika. Alamu ake akakhosomola pabalaza, nyumba yonse inkayenda monyang'ama. Akachedwa pang'ono, funso linali lomwelo: "Mlamu, nyumba ino mwaiyesa depoti ya basi?" Kuchoka pa kauntala kunka ku mapoto, kuchoka ku mapoto kubwerera pa kauntala. Kunena zoona, mtsikanayu ankabanika.

Tsiku lina abwana ake, mayi wosaseka wamba koma wamtima wabwino, anamuitana ku ofesi. "Tikutsegula sitolo ina ku mzinda wina, kutali ndithu. Kumbuyo kwake kuli kanyumba, kiyi udzasunga wekha. Undiyankhe pofika Loweruka."

Kiyi wakewake! Kakowa anayenda tsiku lonse ngati sakuponda pansi.

Koma Wambalame atamva anamugwira manja onse awiri. "Ukapita ine ndifa, mtima wanga. Dikira mazira a tsekwe aswe, alendo achepe, ndibwera kudzaonekera kwa achemwali ako. Nyumba ndidzakupatsa ndine, ya zenera loyang'ana kumadzi. Ndikulonjeza."

Loweruka m'mawa, ali m'basi yopita kunyanja, Kakowa analembera abwana ake: "Zikomo amayi, koma sindipita. Mupatseni wina." Atatumiza anamwetulira yekha.

Loweruka lililonse ntchito ya Kakowa kunyanjako inali imodzi. M'mabango munali chisa cha tsekwe, ndipo pafupi pake panali kanyumba ka matabwa kobisalamo anthu ofuna kujambula, kokhala ndi kazenera kopapatiza. Wambalame anali atamuphunzitsa malamulo ake tsiku loyamba.

"Atsekwe sadziwa kuwerenga, bebi. Akaona anthu akulowa muno amachoka pachisa. Koma tikalowa awiri, ine n'kutuluka ndikuyenda poyera, amayesa kuti tapita tonse, amabwerera pamazira. Iwe khala phee, uzijambula. Usatuluke mpaka ndidzakutenge. Ukatulukira wekha mwadzidzidzi adzidzimuka, chisa achisiyiratu, akhwangwala n'kumwa mazira onse."

Kakowa ankanyadira kudaliridwa chonchi. Ankamukondanso tsekwe wamkaziyo, amene ankatembenuza mazira ake ndi mlomo mosamala ngati mayi wofunditsa mwana.

Tsikuli analowanso awiri. Wambalame anamupsompsona patsaya, n'kutuluka akuimba mluzu. Koma mu changu chake anaiwala pakona chigalasi chake chachikulu choonera patali, chamiyendo itatu, chimene sankasiyana nacho. Komanso mphepo inali itazula thabwa limodzi la m'mbali, n'kusiya mpata woyang'ana tsidya la nyanja.

Dzuwa litakwera, madzi anachita thuvu, katumbu n'kutulutsa mutu, nsomba ili pakamwa. Kakowa anali asanamuonepo katumbu chibadwire! Anakokera chigalasi chija pa mpata uja kuti amutsatire, mumtima akukonza kale mmene akamusimbire wokondedwa wake. Katumbu anasambira, anasambira, mpaka tsidya, pa kamlatho koimikapo maboti.

Pamenepo chigalasi chinamuonetsa mtengo, pansi pake pali nsalu yoyala. Pansalupo panakhala Wambalame. Mkazi woyembekezera anali atatsamiritsa mutu pamiyendo yake. Kamwana kankathamanga mowazungulira katavala chipewa cha Wambalame, chofika mpaka m'mphuno. Pa chala cha mwamunayo pankang'anima mphete imene Kakowa anali asanaionepo.

"Mwina ndi mlongo wake," anadzinamiza. Anatenga foni n'kulemba: "Uli kuti wachikondi?"

Anamuona akupisa m'thumba. Anamuona akupendeketsa foni kuti mkaziyo asawerenge. Foni ya Kakowa inanjenjemera.

"Ndili ndi alendo awiri okalamba, akunditopetsa bwanji! Mtima wanga uli m'kanyumbako ndi iwe, Kakowa wanga. Usatuluke."

Kenako Wambalame anabweza foni m'thumba, anawerama, n'kumupsompsona mkaziyo pamlomo, dzanja lili pamimba.

Kakowa anadzambatuka n'kugwira chitseko. Anafuna kuthamanga, kukuwa, kuzungulira nyanja yonse kuti akamugwire pamalaya. Chitseko sichinali chokhoma. Koma atasuzumira pa kazenera anaona khwangwala atatera pa nthambi youma, mutu atapendeketsa, maso ali pachisa. Tsekwe anali pamazira, kukamwa kuli yasa chifukwa cha kutentha, koma osasuntha.

Nanga tsekweyo analakwa chiyani?

Anasiya chitseko n'kukhala pansi. Ngakhale kulira mokweza sikunatheke. Analuma kolala ya diresi lake, misozi ikutsikira m'khosi. M'kanyumbamo munali motentha ngati mu uvuni, udzudzu ukumulira m'makutu, ndipo fungo la mafuta aja amene anamugulitsa yekha Wambalame linali paliponse.

Anakumbukira abwana ake. Analemba mofulumira: "Amayi, ndinalakwitsa. Ndikufuna kupita. Chonde."

Yankho silinachedwe. "Mwana iwe, ndinakupatsa sabata yathunthu. Mnzako wa pa kauntala inayo wavomera kale, pano akulongedza."

Asanapukute maso, uthenga wina unalowa, wochokera kwa achemwali ake. "Alamu ako akufunsa kuti uphika nthawi yanji. Nanga mlendo wako uja abwera liti? Ndagula makatani atsopano, asatione ngati osadzisamala."

Anakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka. Tsidya lija anadya, anaseka, mwana anagona pachifuwa cha bambo ake. Kakowa ankalumbira kuti sayang'ananso, koma diso linkabwerera lokha pa chigalasi.

Mluzu unamveka panjira. Chitseko chinatseguka.

"Kakowa wanga! Wandisowa? Ine ndatsala pang'ono kufa."

Mtsikanayo anangotuluka. Pafupi ndi chisa sipalankhulidwa. Anayenda patsogolo mwakachetechete mpaka atadutsa mabango onse, n'kuima.

"Lero ndaona katumbu."

"Usatero! Wamwayi iwe! Analowera kuti?"

"Tsidya, pa kamlatho ka maboti. Pafupi ndi alendo ako okalamba aja. Mmodzi akuyembekezera, winayo chipewa chako chikumukulira."

Wambalame anayang'ana chigalasi chimene anali atanyamula paphewa, kenako pansi. Pa chala chake panali mzere wotuwa pamene pamakhala mphete.

"Bebi, ndimvere. Ndimafuna kukuuza. Iye amangobwera Loweruka kudzandipatsira chakudya. Zinthu sizikuyenda kunyumba, amene ndimamukonda ndi iwe..."

"Ndiye Loweruka lililonse umanditsekera umu kuti udye bwino?"

"Kukutsekera? Sindinakhomepo chitseko ine!"

"Zoona, sunakhome. Unangondiuza kuti ndikatuluka mazira afa, podziwa kuti sindingatuluke. Ndakana nyumba lero m'mawa chifukwa cha iwe. Nyumba ya kiyi wangawanga! Ukudziwa zimenezo?"

"Kakowa wanga..."

"Dzina limenelo ukamupatse wina. Amene sadziwa kuwerenga ndi atsekwe, ine ayi."

Kakowa anamupatsa m'manja kamera yake yojambulira atsekwe n'kumapita, osacheuka. Mtima unkamupweteka kwambiri, chifukwa ngakhale pamenepo unkafunabe kumva mluzu uja ukumutsatira.

Atafika kunyumba anapeza makatani atsopano atapachikidwa kale, a maluwa achikasu. Alamu ake anakhosomola pabalaza. Chitseko cha chipinda cha ana chinali chotsegula, matiresi ake atatsamira kukhoma, sutikesi ili pomwe paja pamwamba pa kabati.

Achemwali ake anatuluka kukhitchini akumwetulira, akupukuta manja. "Waona makataniwo? Tandiuza msanga, mlendo wathu abwera liti?"

Kakowa anavula nsapato zake zamatope n'kuziika kunja kwa chitseko.

"Sabwera, achemwali. Mapoto ali kuti?"