Malo pa Benchi

Adokotala ena aakazi, oona za ubongo wa ana, sankathamangira kunyumba akaweruka. Akathamangirenji? Kunyumbako kunali mpando umodzi, kapu imodzi, ndi wailesi yoyankhula yokha. Imvi zinawamerera m'chipatala momwemo, akufufuza zomwe zimachitika mwana akamenyetsa mutu kapena akagwa khunyu. Mabuku analemba, ana anachiza ambirimbiri, koma panali funso limodzi lomwe sankalilemba paliponse. Mwana akatsitsimuka, ankamunong'oneza kuti, "Unali kuti?"

Ambiri ankangowayang'ana. Koma ena, apo ndi apo, ankayankha zofanana chonsecho sadziwana: khonde lalitali, benchi, ndi kamnyamata komanga bandeji kumutu, kakugwedeza miyendo ngati kakudikira munthu. Adokotala ankati ndi ubongo chabe ukusewera. Zinali zapakamwa zimenezo. Ali ana, mlongo wawo wamng'ono, kamnyamata, anagwa pa njinga, nayamba kudwala khunyu, tsiku lina osadzukanso. Anaikidwa m'manda bandeji ili kumutu.

Madzulo ena anthu anabweretsa kamtsikana komwe kanawombana mitu ndi mnzake pa mpira kusukulu. Kanasanza, kanagona, kenako kanayamba kuphupha. Atakabaya mankhwala thupi linakhala bata, koma makina oyeza ubongo, aja a mawaya omata kumutu, ankaonetsa kuti m'katimo zinthu sizinazizire. Maso ali tong'o, osaphethira. Mayi ake anali atalira mpaka mawu kusasa.

"Adokotala, abwerera mwana wangayu?"

"Mankhwala achita mbali yake, mayi. Kwatsala n'kumuitana."

Usiku unakula. Anamwino anapita ku wodi ina. Mayi aja tulo tinawaba ali chikhalire. Panatsala adokotala, kamwanako, ndi makina akulemba mizere yokwera ndi kutsika. Adokotala anagwira kadzanja kozizira ka mwanayo.

"Bwerera kuno, mwanawe. Amayi ako akukudikira."

Kunja kwa chitseko kunamveka gu, gu, gu. Pang'onopang'ono, ngati zidendene za mwana zikugunda mwendo wa benchi. Komatu pakhonde pamenepo palibe benchi, anachotsa kalekale. Adokotala anasuzumira. Magetsi ali ngwee, pansi poyera bwinobwino, munthu ayi. Atangotseka, gu, gu, gu. Koma abale inu, mumtima sanafune kuti kugundako kuleke. Ndi liti pamene munthu anawadikirapo pakhomo?

Mizere ya pa makina inayamba kufatsa. Kamtsikana kanaphethira. Kanayang'ana uku ndi uku, kenako maso pa adokotala. Funso lija sanafunse n'komwe, kanayamba kokha.

"Ndinu a Chimutu?"

Dzina limenelo! Munthu mmodzi yekha padziko ndiye ankawatcha choncho, n'kuthawa akuseka, ndipo munthuyo anatsikira kuli chete iwo asanathe n'komwe pulaimale.

"Wakuuza ndani dzina limenelo?"

"Mnyamata wa bandeji. Ndimafuna kukhala pambali pake, wandikaniza. Akuti pita kwa amayi ako, malo ano ndasungira achemwali anga. Akuti mukuchedweranji, miyendo yachita dzanzi."

Mayi aja anadzidzimuka, nakumbatira mwana wawo, kulira ndi kuseka pamodzi. Palibe amene anaona adokotala akutuluka.

Kutacha, mayi wokolopa anawapeza pakhonde paja. Anali atatsamira khoma, mawondo opinda ngati akhalira chinthu, chonsecho pansi pawo palibe kanthu. Maso tong'o. Mkono umodzi atautambasulira pambali, ngati uli paphewa pa munthu wamfupi. Anawaitana, zii. Anawagwedeza, zii. Patapita nthawi anaphethira, misozi ili chuchuchu.

"Mwandiitaniranji?"

Kamtsikana kanachira, kanabwerera kusukulu. Madokotala anzawo anawayeza mutu adokotalawo, osapeza kanthu, moti ntchito akugwirabe mpaka lero. Koma anamwino amanong'onezana kuti masiku ano akamaweruka amaima kaye pakhonde paja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pirira pang'ono iwe, ana odwala adakalipo." Ndipo wokolopa uja, mumukalipire bwanji, akafika pamalo pamenepo amakolopa molambalala.