Thirakitala Atembenuza Jezi

Kanyerere ndi mtsikana wamng'ono. Amasewera ragibi. Mpira wa ragibi uli ngati dzira.

Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kugoletsa. Kamodzi kokha.

Tsiku la masewero linafika. Bwalo linali matope okhaokha. Refu anali amayi ake.

Timu ya Kanyerere inavala zobiriwira. Timu inayo inavala zofiira. Ofiira anali aatali. Anali ojintcha. Wojintcha kuposa onse ankamutcha Thirakitala.

Pyee! Wezulo inalira.

Ofiira anaponyera Thirakitala mpira. Thirakitala anagoletsa.

Anamuponyeranso. Anagoletsanso.

Anamuponyeranso. Anagoletsanso.

Kanyerere sanaukhudze mpira. Ngakhale ndi chala.

Kenako mnzake, Chiseko, anawombana ndi wofiira. Anagwa. Anamenyetsa mutu pansi.

Pyee!

"Ndili bwinobwino, a Refu!" anatero Chiseko.

"Wamenyetsa mutu, mwanawe. Lero basi. Pita kwa a Nesi."

Chiseko anatuluka akulira. Wobiriwira wina anamutsatira. Anali ndi mantha. Obiriwira anatsala asanu. Ofiira anali asanu ndi awiri.

Refu anaitana makochi onse awiri. Anayamba kunong'onezana.

Kanyerere anathamangira komweko. "Amayi, musathetse mpira! Chonde, amayi!"

"Kuno si kukhitchini," anatero amayi ake. "Kuno ndine Refu. Kaime uko."

Kanyerere anakaima uko. Maso anadzaza misozi. Basi, zatha, anaganiza choncho. Sindidzagoletsa ine.

Refu anabwerera.

"Tamverani. Kugwetsana kwatha. Muzingogwira mnzanu m'chiuno. Ndipo ofiira abwereketsa munthu mmodzi."

Kochi wa ofiira analoza Thirakitala.

"Ine, a Kochi? Ndipite kwa tianati?"

"Iweyo. Nyamuka."

Jezi yobiriwira inamukana. Inathera m'khosi. Thirakitala anangotembenuza yake. Mkati mwake munali moyera.

Pyee!

Koma ofiira anagoletsabe. Anagoletsanso. Thirakitala ankangoyenda. Anali atakwinya nkhope. Miyendo ya Kanyerere inalemera. Nsapato zinalemera. Mtima unalemera.

"Yatsala mphindi imodzi!" anakuwa Refu.

Wofiira wina anagwira mpira. Obiriwira anamuzungulira. Anasowa kolowera. Manja ake anachita zomwe anazolowera. Anaponyera Thirakitala!

"Iwe! Si wathunso ameneyo!" anakuwa anzake.

Thirakitala anayang'ana mpira. Anayang'ana jezi yake yoyera. Anacheuka. Kumbuyo kwake kunali Kanyerere.

"Kamwana iwe, wakha!"

Kanyerere anawakha. Anaukumbatira. Anathamanga. Anadutsa pansi pa mkono wa wina. Anaterereka. Sanagwe. Anathamangabe.

Mzere wogoletsera uwo! Khaa! Anadzigwetsa m'matope, mpira uli pachifuwa.

Pyeee! Wagoletsa!

Thirakitala anamudzutsa ndi dzanja limodzi. Chiseko anaomba m'manja ali pabenchi.

Masewero anatha. Ana anapatsana manja. Amayi anabwera ndi thaulo. Anapukuta Kanyerere kumaso. Anamupukuta m'makutu.

"Taluza, amayi."

"Mwaluza ndithu. Mwaluza kwambiri."

"Koma munandiona?"

"Ine ndinangoona matope akuthamanga," anatero amayi. "Kwera kumsana kuno. Tiye kunyumba tikawasambitse matopewo."