Mbande za ku Msitu wa Manda

Dzuwa litapendeka, Felesita anatenga ndowa nayamba kuthirira kamtengo ka m'bawa kamene anabzala pafupi ndi khomo. Nyumba iliyonse m'dera lake ku Chinsapo inali ndi mbande yotere, mphatso ya bungwe lina la mitengo limene linafika mu 2008. Madzi atangolowa pansi, panatuluka fungo. Silinali la mvula yoyamba ayi. Linali fungo lija limamveka okumba manda akafika pakati pa dzenje.

Felesita anali wa eni nthaka, aja anabadwira pamenepo Chinsapo idakali minda ya chimanga ndi madambo a bowa. Tawuni inabwera n'kumeza zonse, pulotipuloti, mpaka chimene chinawatsalira chinali msitu wa manda okha, kumunsi kwa msewu wa ku Likuni. Kenaka a bungwe anati mitengo ya mumsitumo imamwa mpweya woipa umene ukusokoneza mvula, ndipo anthu akunja adzathandiza dera ngati wina aliyense saikhudza. Anazinga waya, naika geti ndi loko. Kiyi anampatsa Anderson, bambo wa ku Thyolo amene anali atagula puloti chapafupi, ndipo ndiye anakhala kapitawo wa nazale ya mbande ya bungwelo.

Malume ake a Felesita atamwalira, maliro anaima pageti.

"Kukumba kumadula mizu, amayi," anatero Anderson. "Pitani kumanda a tawuni."

"Makolo athu onse ali umu, abambo."

"Ine ndangouzidwa."

"Atsekereni," Felesita anayankha akulira. "Tione ngati iwowo amadziwa loko."

Mawu amenewo anthu anawasunga.

Patapita milungu ingapo, kunayamba kumveka khasu. Tambala woyamba akalira, kuseri kwa nyumba za anthu kumamveka khu! khu! pang'onopang'ono, ngati munthu wokumba mosathamanga. Agalu samauwa, amangolira chapansipansi atabisa michira. Kukacha, pakhonde pamapezeka dothi lakuda lomwazika mpaka pachitseko, koma phazi la munthu osaoneka. Ndipo mbande zija zimakula modabwitsa, masamba biriwiri pakati pa chilimwe, pamene nyemba za m'madimba zimafota.

Woyamba kufa anali Greyson, mlonda wa pageti. Amayi opita kuchigayo anampeza atakhala tsonga, msana atatsamira waya, maso ali tong'o. M'kamwa mwake munali modzaza dothi. Sabata isanathe anatsatira Ireen, mayi amene amathira dothi m'machubu a mbande. Iye anagwa masana, akuchapa, ndipo ana ake anati asanagwe anatembenuka n'kuyankha kuti "Wawa," ngati waitanidwa ndi munthu wamkulu.

Pampopi nkhani inali imodzi.

"Mwamva za Ireen?"

"Tsitsani mawu, asisi."

"Ndi Felesita, uja analira pageti uja. Sanalumbire tonse tikumva?"

"Nanga kwake khasulo silimveka?"

"Lingamveke bwanji mwini wake ali nalo m'manja?"

Loweruka masana gulu linafika kwa Felesita. Ena ananyamula miyala, wina chigubu cha palafini. Anderson anali patsogolo, maso ofiira chifukwa chosagona.

"Tulukani, mfiti inu! Lero mugona panja, nyumbayi tiyatsa."

Felesita anatuluka. Anayang'ana nkhope za anthu amene amagawana nawo mchere, ndipo palibe anamuyang'ana m'maso.

"Khasulo nanenso limandidzutsa," anatero. "Likumveka apa, pamtengo wanuwu."

"Bodza!"

Anagwada, nagwira kam'bawa kaja ndi manja awiri, nakazula. Mizu inatuluka itakumbatira dothi la m'chubu, lakuda bii, losiyana ndi katondo wa pabwalo. Fungo lija linafalikira mpaka akumbuyo anatseka mphuno. Felesita anafikisa dothilo ndi zala, ndipo m'dzanja mwake munatsala mikanda yofiira ndi yoyera, yothimbirira, ija amayi akale amavala m'chiuno n'kupita nayo m'manda.

"Abambo Anderson, dothi la m'machubu munalitenga kuti?"

Anderson ananyambita milomo. "Alangizi anati tipeze dothi lachonde, la pansi pa mitengo."

"Pansi pa mitengo iti?"

Mayi wina anakuwa, nathamangira kwawo. Pochokera kumanda munthu amasamba asanalowe m'nyumba, ngakhale khasu silibwerako losatsuka. Koma iwo anali atanyamula manda ndi manja awo, khomo ndi khomo, n'kumawathirira madzulo aliwonse.

Chigubu cha palafini chinatsala pabwalo. Dzuwa lisanalowe, mzere wa anthu unatsikira kumsitu, aliyense atanyamula mtengo wake m'beseni kapena m'thumba la feteleza. Waya anali wosaduka. Loko anali wokhoma, wadzimbiri, ndipo Anderson anavutika naye asanatseguke.

M'kati munali zii, ngakhale mbalame osamveka. Anadutsa maenje osaya amene anyamata a nazale anakumba pakati pa mitumbira. Atafika pansi pa mkuyu waukulu, amene anali kutsogolo anaima.

Panali dzenje latsopano. Lakuya bwino, m'mbali mosalala, dothi lounjikidwa mbali imodzi monga amachitira odziwa ntchito yawo. Pambali pake panagona bango lodulidwa kumene, lija amayezera kutalika kwa womwalira.

"Kodi kwamwalira ndani?" wina ananong'ona.

"Palibe."

Nkhalamba ina ya eni nthaka inatola bangolo n'kuliimika. Anthu anayamba kuyang'anana, aliyense akuyeza mnzake ndi maso. Felesita linamupitirira kutali. Amuna awiri amene anali pafupi linawaperewera. Anderson anabwerera m'mbuyo, koma onse anali ataona kale pamene nsonga yake inalekezera.

"Dzenje siligona lopanda mwini," inatero nkhalambayo, osakweza mawu.

Kiyi anagwera m'masamba. Anderson anathamanga osacheuka mpaka kumsewu, ndipo ena anamuona akukwera minibasi ya m'tawuni alibe ngakhale chikwama. Ku Thyolo akuti sanafike.

M'mawa mwake anthu atapita ndi thunthu la nthochi kuti akakwirire m'malo mwa munthu, anapeza dzenje lija lili lofotsera kale, mtumbira wake wowumbidwa bwinobwino. Palibe analimba mtima kuufukula.