Zipi ya Kumsana

Kutatsala masiku atatu kuti ndowa ya Sabrina ichitike, madiresi a yunifolomu anafika kuchokera kwa telala, ndipo pakhomo pa a Mwanahalima panali phokoso ngati pamsika wa usipa. Nanga ukwati wa Chisilamu wa mwana wamkazi mmodzi yekhayo, mayi ake mwini sitolo ziwiri pa boma la Nkhotakota, n'kuchitira tulo? Akazi onse a banjalo anasokeredwa mofanana: nsalu yobiriwira, yaitali mpaka kuzidendene, lesi yagolide pachifuwa.

Walusungu, mkazi wa Faruku, mwana wachisamba wa pakhomopo, anatenga lake n'kukaliyesa kuchipinda. Linamukhala bwino, osanama. Koma atadziyang'ana pagalasi anangoti kakasi. Khosi lotseka mpaka pammero, kutsogolo kopanda batani ngakhale limodzi, zipi ili kumsana kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Pabedi, Zaidi, mwana wake wa miyezi inayi, anali atayamba kale kuyamwa kachibakera kake.

Anatuluka nalo diresilo kukapeza apongozi ake pakhonde, akusankha mpunga wa paukwati.

"Amayi, zikuoneka kuti telala walakwitsa. Langa zipi ili kumsana. Nanga mwana ndidzamuyamwitsira pati?"

A Mwanahalima sanadzutse n'komwe mutu. "Palibe chalakwika, amake Zaidi. Mwana adzatsala pakhomo. Mudzamufinyira mkaka m'kapu, ophika adzamumwetsa. Tsiku limodzi sangafe nalo."

"Koma kapu amakana, Amayi, mukudziwa."

"Njala ikamupweteka adzavomera. Ndiponso kutentha kuli kunjaku, ndi khungu lake lija, mufuna akapse?"

Khungu lake lija. Zaidi anabadwa wachialubino, kamwana konenepa, koseka ndi aliyense. Tisawanamizire a Mwanahalima: mdzukulu wawo ankamunyamula, ankamugulira tizipewa ndi mafuta oteteza kudzuwa, ankamuimbira. Koma m'nyumba. Kukangomveka odi panja, ankamubwezera kwa mayi ake msangamsanga ngati mbale yotentha. Walusungu zimenezi ankaziona, koma ankangomeza. Mwana wa msodzi wa ku Dwangwa, makolo ake ochokera kumpoto, wolowa Chisilamu chifukwa cha ukwati, anali ataphunzira kuti pakhomo pa eni munthu umayenda monyang'ama.

Tsiku limenelo sanakhazikike. Amati akakhala pansi, adzuke. Akagwira tsache, alisiye. Mtima unkamuuza kuti pali china, iye n'kumaukaniza.

M'mawa mwake, dzuwa la Okutobala lisanayambe kulusa, anabereka Zaidi, kumuveka chipewa, diresi m'jumbo, ulendo kumsika kwa Tedson. Tedson anali telala wakalekale, magalasi ake omanga ndi ulusi, ndipo nkhani sinkagona pakamwa pake. Pamsomali wa pakhoma panali diresi lina la nsalu yomweyo.

"Ilo ndi la ndani, a Tedson?"

"La a Mtendere, akazi a ang'ono awo a amuna anu. Alibweza kuti ndipinde m'munsi, ati likukwekwereza pansi."

Walusungu analikhudza pachifuwa, zala zake n'kugunda kanthu kolimba. Anakweza lesi. Pansi pake, uku ndi uku, panali tizipi tiwiri tobisika mwaluso, toti munthu sangatione ngakhale ataima pafupi. Mtendere nayenso ankayamwitsa. Mwana wake anasiyana ndi Zaidi mwezi umodzi wokha.

"A Tedson," anatero Walusungu, "pondiyeza paja ndinali ndi mwana kumbuyo. Munkayesa wa aneba?"

Tedson anasiya kupalasa makina, n'kuvula magalasi. "Mlongo wanga, musandidye ine. Tizipi tanu ndinagula, si uti m'chitinimu? Koma amayi anachita kubwera okha, ndi miyendo yawo. Ati la amake Zaidi likhale lotseka, mwana sakupita ku ndowa. Ine ndimasoka zimene ndauzidwa."

"Ndiye tiikeni pano. Ndidikira."

"Lesi iyi ndinaisokera kumodzi ndi nsalu, ndikaidula ing'ambika yonse. Nsalu yotsala anatenga. Ndiponso ananditsina khutu kuti ndikalikhudza, ntchito za pabanja pawo ndiiwale. Ndili ndi ana inenso, mlongo."

Walusungu anatuluka osatsanzika. Sanalowere kunyumba, anakwera minibasi ya ku Dwangwa. Njira yonse, minda ya nzimbe ikudutsa pawindo, ankangodziuza kuti diresi ndi diresi, lipezeka, ndipo likapezeka apongozi asowa ponamizira. Pa kaunjika anagwada pa milu ya zovala, mwana kumsana, thukuta lili kamukamu. Abale inu, kusaka diresi loyamwitsira! Ili la mabatani, koma lolekeza m'mawondo. Ili lalitali, koma mikono pamtunda. Ili labwinobwino, koma lofiira ngati la woimba bandi. Wogulitsa anamukwezera lina lotsegula mpaka pamchombo, ati ili mwana adzayamwa osapempha n'komwe. Walusungu anafuna kuseka, koma misozi ndi imene inabwera. Kawiri konse anakhala pamthunzi wa golosale kuyamwitsa Zaidi, n'kubwereranso pamulu.

Dzuwa litapendeka analipeza. Lalitali, la manja aatali, mabatani kuyambira pakhosi, lobiriwira ndithu ngakhale kubiriwira kwake kunali kozimirira. Analikumbatira ngati m'bale wake.

Lachisanu amuna atabwerako kumzikiti, pabwalo patadzaza amayi osenda anyezi, Walusungu analowa pabalaza. A Mwanahalima anali pampando, Faruku ataima pawindo. Kuseri kwa khoma, m'chipinda, Sabrina anali atabindikira monga mwa mwambo, alangizi akumujambula hina m'manja.

"Amayi, ndapeza ili. Lili ndi mabatani, ndipo mtundu wake sukusiyana kwambiri."

A Mwanahalima analiyang'ana kamodzi. "Limenelo ndi la ukwati kapena la maliro? Pamipando ya banja pakhala a yunifolomu. Wovala zake akakhale kumapoto ndi ophika."

"Ndiye nenani poyera, Amayi. La Mtendere ndaliona, tizipi take ndatigwira ndi manja angawa. Si diresi mukukana. Mukukana mwana."

"Wallahi, mwana uyu alibe mwambo! Ine ndikumuteteza Zaidi. Simumva pawailesi zimene zimawachitikira ana otere? Anthu mazanamazana, ena osawadziwa n'komwe!"

"Kusikelo ndimapita naye. Kumsika ndimapita naye. Kwathu adada anamunyamula pamaso pa asodzi onse a padoko, akuchita kunyadira. Koma pa ukwati wa azakhali ake ndiye pali zigawenga?"

Apa a Mwanahalima anadzuka, mpango utagwera paphewa. "Mufuna ndinene? Chabwino. Akuchimuna ndi anthu a ku Benga, anthu a mbiri yawo. Akamuona adzati magazi athu ndi otere. Adzati Sabrina adzabereka zomwezi. Mufuna mwana wanga abwezedwe hina isanafufutike m'manja? Ndili ndi mwana wamkazi mmodzi, mmodzi yekha!"

"Zomwezi," Walusungu anabwereza motsitsa. "Mwana wanga wasanduka zomwezi."

Anatembenukira kwa mwamuna wake. Faruku anali akuyang'ana panja ngati kuli mpira.

"Bambo a Zaidi, mwamva?"

"Walu, ndi tsiku limodzi lokha. Tiye tingowamvera amayi, ndowa idutse, kenako..."

"Mumadziwa?"

Faruku anatembenuka. "Anandiuza. Ndimati ndikuuze, koma ndinasowa poyambira."

Zimenezi ndiye zinamupweteka kuposa zonse. Apongozi ndi apongozi, koma uyu anali bambo wa mwanayo, amene anamunong'oneza pemphero m'khutu tsiku lobadwa. Walusungu analira mokweza, osabisa, mpaka mipeni ya anyezi inaima panja. Anaponya diresi la pa kaunjika pansi, n'kulowa kuchipinda, n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma.

Loweruka kutacha, amuna anapita kumzikiti kukamanga ndowa, akazi n'kutsogola ku holo. Nyumba inatsala zii. Walusungu anali atalongedza kale chikwama chobwerera kwawo. Anachinyamula, anafika pakhomo, n'kubwerera. Anachinyamulanso, n'kuchiikanso pansi. Akapita ku Dwangwa, ndiye kuti wavomera kuti Zaidi ndi mwana wobisa. Akavala la pa kaunjika, akakhala kumapoto, komwe apongozi akufuna. Anayang'ana diresi la yunifolomu lili pabedi, chafufumimba, zipi ili pamwamba.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analinyamula, n'kulivala choncho, kumbuyo kukhala kutsogolo.

Eee, kunena zoona silinaoneke bwino. Khosi linkamukanyanga, lesi yagolide inapita kumsana, ndipo pa mapewa kumbuyoko panatuluka timatumba tiwiri topanda kanthu, pamene telala anasiyira malo a mabere. Koma zipi inali pachifuwa. Anaitsitsa, anaikweza, anaitsitsanso. Inkayenda bwinobwino. Anafunda mpango waukulu, kunyamula mwana, n'kuitana kabaza.

Atalowa mu holo, manong'onong'o anayambira kumbuyo n'kumutsatira mpaka kutsogolo. Atsikana ena anagwira pakamwa. Mayi wina anamukoka dzanja, ati mwana wanga mwavala chotembenuza. "Ndikudziwa, mayi, zikomo," anatero Walusungu, n'kukakhala pamipando ya banja pafupi ndi Mtendere. Maso a a Mwanahalima akanakhala mpeni, bwenzi maliro ali pomwepo. Zaidi analira ndi phokoso la zokuzira mawu. Mayi ake anatsitsa zipi pansi pa mpango, mwana n'kukhala chete, kaphazi kake koyera kakusewera panja poti aliyense aone.

Mpunga utadyedwa, woyendetsa mwambo anaitana: "Chithunzi cha banja la kuchikazi! Onse a yunifolomu kutsogolo kuno!"

Walusungu anakweza zipi n'kuimirira. A Mwanahalima anamutsekera njira, akumwetulira kuti anthu asadziwe, koma mawu akutulukira m'mano. "Mwandichititsa manyazi mokwanira. Mupatseni wina mwanayo. Mukaima naye pachithunzi ichi, ine sindiimapo."

Walusungu anayang'ana Faruku. Anali ataima kale pamzere, maso pa nsapato zake. Kwa kanthawi Walusungu anaganizadi zobwerera.

Tsono mkwatibwi sayankhula pa ukwati wake. Amazolika, maso pansi, ngakhale ntchentche imutere pamphuno. Alangizi amachita kubwereza zimenezi mpaka makutu kuwawa. Koma Sabrina anadzutsa mutu, ndipo mawu ake anamveka mpaka mzere wachitatu.

"Alamu, bweretsani kuno bwana wangayo. Akhala pamiyendo panga."

"Sabrina!" anatero a Mwanahalima.

"Amayi, dzulo ndinamva zonse, khoma lija ndi lopyapyala. A Sufiyani ali ndi chithunzi cha Zaidi mufoni mwawo kuyambira tsiku limene anabadwa. Ndinawatumizira ndine. Kwawo konse anachiona."

Sufiyani, mkwati, anagwedeza mutu kuvomereza. Mayi ake, mayi wamkulu thupi wa ku Benga, anali atadzuka kale pampando n'kufika pafupi. Anasuzumira nkhope ya Zaidi, n'kumugwira patsaya.

"Mashallah, ndi uyu? Koma kunenepa! Ife takhala tikufunsa kuyambira m'mawa." Anatembenukira kwa a Mwanahalima, nkhope itasintha. "Nanga anzanga, si munatiuza kuti mwana wagonekedwa kuchipatala? Ife mpaka tinamupempherera. Tsono amene mumabisira ndi ife? Mumationa ngati anthu otani?"

Misozi inadzaza m'maso mwa a Mwanahalima, ya manyazi ndi ya mkwiyo pamodzi. Anakoka mpango kuphimba nkhope, n'kuyenda mpaka pakhomo la holo. Pamenepo anaima, n'kutembenuka kuyang'ana Faruku, monga ankachitira kuyambira ali mwana, kuti awatsatire.

Faruku anachoka pamzere. Walusungu anatseka maso. Koma anangomva manja akumulanda mwana mofatsa, ndipo atatsegula anaona mwamuna wake akumuika Zaidi pamiyendo pa Sabrina, pa diresi loyera, n'kumukonza kolala. Kenaka anabwera kudzaima pambali pake.

"Ndinakulakwira, Walu, ndinamulakwiranso mwana," anatero. Anakweza mutu. "Amayi, mpando wanu uwu. Bwerani."

Wojambula anadikira. Anapukuta galasi la kamera, anasuntha ana a kutsogolo, anadikiranso. Sabrina anaitana kamodzi, "Amayi, chonde." A Mwanahalima anagwira chitseko, phazi limodzi mkati, lina kunja. Kenaka anatuluka.

"Jambulani," anatero Faruku.

Chithunzicho anachikulitsa ndi Sabrina, ndipo anachikhoma yekha pabalaza pa mayi ake. Chilipo mpaka lero. Zaidi akuseka pakati penipeni, Walusungu ali chilili maso ofiira, ndipo kumanja kwa mkwatibwi kuli mpando wa pulasitiki wopanda munthu. A Mwanahalima sanachichotse, ndipo masiku ano mdzukulu wawo amakhala naye kusitolo, poyera, akusewera pa kauntala. Koma mlendo akaima pachithunzipo n'kufunsa kuti nanga mayi a mkwatibwi anali kuti, iwo amadzuka mwakachetechete, ati akaone ngati tiyi wapsa.